Zimene Ndinapeza M'khodi ya Situdiyo ya Alamu Anga

Situdiyo ya alamu anga inali kuseri kwa golosale ya bambo wina wa ku Mangochi, pa Chilumba. Chinali chipinda chimodzi chopanda zenera, makoma ake atamatidwa matireyi a mazira kuti mawu asamabwerere. Ukalowamo masana chimene chinkayamba kukulandira ndi fungo: thukuta la makwaya onse amene anaimbiramo, matireyi amene anamwa chinyontho, ndi palafini wa m'golosale wodutsira pansi pa chitseko. Alamuwo ndi amuna a mkulu wanga. Ankadziwa kuimika maikolofoni, kuuza a besi kuti asunthire m'mbuyo pang'ono, ndi kuseka ndi anthu mpaka mantha awathere. Za m'kati mwa kompyuta sankazidziwa, ndipo sankabisa.

Ine ndinali mphunzitsi wa masamu pa sekondale yoyendera. Pasukulupo panabwera makompyuta angapo popanda woti aziphunzitsa, ndiye ahedi anangoloza ine. Ndinadziphunzitsa ndekha kulemba timapulogalamu tating'ono tophatikiza malikisi a ana ndi kuwaika pa mndandanda. Kwathu zimenezi zinali zokwanira kuti ndizitchedwa katswiri.

Makwaya ankachokera ku Lupembe, ku Ngara, ena ku mipingo ya pafupi ndi kubalaki ya asilikali. Wotsogolera nyimbo ankapatsidwa maikolofoni yakeyake, ena onse n'kugawana zotsalazo. Akamaliza kuimba, alamu ankaponya zimene ajambulazo mu pulogalamu imene inkachotsa phokoso, kulinganiza mawu kuti wina asamize mnzake, kenako n'kulemba nyimbozo pa memore khadi. Pulogalamuyo sanagule kusitolo. Anawalembera mwamuna wina amene anaphunzira za makompyuta ku Mbeya, amene anagwira nawo ntchito zaka zingapo asanasamukire ku Mzuzu. Aliyense ankangomutchula kuti injiniya, ndipo inenso ndizimutchula choncho.

Tsiku lina Loweruka m'mawa alamu anafika kunyumba kwanga pa kabaza, atakumbatira kompyuta pamiyendo. Yakale inali itafa, anapeza ina, koma pa inayo pulogalamu inkakana kutseguka.

"Alamu, tandithandizani," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Injiniya sakuyankha foni. Sabata yamawa kukubwera kwaya ya ku Lupembe, anapangana kale za galimoto. Si ndinu a makompyuta?"

"Ine ndimadziwa za malikisi a ana, alamu. Za mawu sindinazigwirepo."

"Kompyuta ndi kompyuta. Tangoonani."

Ndinatsegula foda ya injiniya. Munali fayilo imene anaitcha yomaliza. Pambali pake panali ina yotchedwa yomaliza yeniyeni, ndi inanso yotchedwa yomaliza yeniyeni yatsopano. Ndinatsegula yachitatuyo kuti ndione khodi yake, kutanthauza malangizo olembedwa amene kompyuta imatsata mzere ndi mzere. Ndinayamba kutsika, n'kumatsikabe, n'kumatsikabe. Inali mizere zikwi zingapo, yonse m'fayilo imodzi, popanda poyambira kapena popumira. Zinthu anazipatsa mayina monga a, aa, a2, chinthu, chinthu2. Chigawo chimodzi chinalembedwa, kenako n'kukopedwa pansi pake chimodzimodzi, kenako n'kukopedwanso, kwaya iliyonse chigawo chakechake. Ndinamva mmene umamvera ukakweza mphasa ya m'nyumba ya eni n'kupeza kuti zinyalala za chaka chonse ankangozisesera pansi pake.

Vuto la tsikulo linali laling'ono. Pulogalamu inkafuna foda ina imene pa kompyuta yatsopanoyo panalibe. Ndinaikonza m'masiku awiri, kwaya ya ku Lupembe inaimba, alamu anandibweretsera nkhuku. Koma pasanathe mwezi anabweranso. Nyimbo ikatalika, pulogalamu inkangoima chilili. Kwaya yatsopano ikabwera, panalibe chigawo chake, ndiye alamu ankainamiza kompyuta poipatsa dzina la kwaya ina. Ndinaona kuti ndizingoitanidwa mpaka kalekale ngati sindiphunzira bwinobwino za mawu ndi za kakonzedwe ka khodi ya munthu wina.

Apa ndi pamene ndinayamba kufunafuna pophunzirira, ndipo mpaka lero ndikakumbuka miyezi imeneyo m'kamwa mumandiwawa.

Ndinayamba ndi mavidiyo a pa intaneti. Netiweki kusukulu inkagwira bwino pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, ndiye ana akaweruka ndinkakhala pamenepo ndi foni, dzuwa la ku Karonga likuwotcha mchenga mpaka mapazi kuyabwa m'nsapato. Vidiyo yoyamba inali ya mwamuna wokhala m'chipinda chowala buluu. Anandipatsa moni, anandiuza za khofi amene amamwa, anandionetsa mpando wake watsopano, anandipempha kuti ndidine apa ndi apo kuti ndizimutsatira. Pamene ankati tsopano titsegule khodi, bandulo yanga inatha. Ndinagula ina mawa lake. Anatsegula khodiyo, n'kuyamba kutaipa mothamanga osanena chifukwa cha chilichonse, kenako anaseka n'kunena kuti mwaona, n'zosavuta. Ena ankalonjeza kuti m'ola limodzi ndikhala nditadziwa zonse. Ena ankafika pamene phunziro lenileni likuyambira n'kunena kuti zotsalazo zili m'kosi yolipira. Onsewo ankajambulira mawu m'zipinda zachete ngati kumanda. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchulapo denga la malata likamalira ndi kutentha, chigayo cha kutsidya kwa msewu, kapena tambala wa bambo wa golosale.

Mphunzitsi mnzanga atamva kudandaula kwanga anandibweretsera fulashi kuchokera kuboma. Anati anakopera kwa munthu wina amene ali ndi maphunziro onse a makompyuta. Nditailowetsa mu laputopu ya sukulu, kompyuta inayamba kudandaula za mavairasi. Theka la mafayilo silinkatseguka. Mabuku amene anatseguka anali ojambulidwa ndi foni, chala cha wojambulayo chikuoneka m'mphepete, chikhadabo chakuda. Buku limodzi linali la za mawu ndithu, ndipo ndinasangalala, koma mutu wa kachotsedwe ka phokoso, umene ndinkaufuna kwambiri, masamba ake munalibe. Foda yotchedwa maphunziro apamwamba inali yodzaza ndi zithunzi zolaula. Ndinaitsegula mu ofesi ya aphunzitsi, amayi ophunzitsa Baibulo atakhala pa desiki yoyandikana nane. Ndinatseka laputopuyo mwamphamvu mpaka anadzidzimuka. Fulashiyo ndinaibweza mawa lake nditaikulunga m'pepala, chifukwa sindinafune kuigwiranso ndi manja.

Kenako ndinayesa bwalo lina la pa intaneti kumene anthu olemba mapulogalamu a mawu amafunsana mafunso. Ndinalemba funso langa m'Chingerezi mosamala, ndinaika ndi chidutswa cha khodi ya injiniya. Woyamba kuyankha anati nditaye zonsezo ndigule pulogalamu ya akatswiri. Wachiwiri anakonza Chingerezi changa, funsolo osaliyankha. Wachitatu anandilembera kumbali kufunsa ngati ndinedi mkazi, ndipo ngati ndi choncho ndimutumizire chithunzi. Sindinabwerereko.

Zimene zinandithandiza zinali ziwiri zokha, ndipo zonse zinalibe chithunzi ngakhale chimodzi. China chinali tsamba lalitali la mawu okhaokha, lolembedwa ndi munthu amene sanadzitchule n'komwe. Linayamba ndi kunena kuti m'kompyuta mawu ndi manambala ondondozana, ambirimbiri pa sekondi iliyonse, nambala iliyonse ikusonyeza pamene mpweya unakankhira maikolofoni panthawiyo. Ukachulukitsa manambalawo ndi ziwiri, mawu amakwera. Ukawachulukitsa ndi theka, amatsika. Ukaphatikiza mizere iwiri ya manambala, anthu awiri amaimbira pamodzi. Ndinawerenga ndimeyo kangapo, n'kukwiya. Awa anali masamu amene ndinkaphunzitsa ana a Fomu 2. Amuna onse a m'mavidiyo aja ankazungulira chinthu ichi ngati ndi mankhwala a kwa sing'anga.

Chinacho chinali mitu ingapo ya kabuku kaulere kofotokoza za kukonza khodi yakale. Mfundo yake inali imodzi: ukamakonza mapangidwe a khodi, usasinthe zimene imachita. Uyambe wasunga zimene ikutulutsa panopa. Kenako usinthe kanthu kamodzi kakang'ono, uyendetsenso, uyerekeze zatsopano ndi zakale zija. Zikafanana, pitiriza. Zikasiyana, bwerera. Ndinakopera mitu imeneyi ndi dzanja m'kope la sukulu, chifukwa magetsi ankazimazima ndipo batire ya laputopu inali yotopa. Bambo wa golosale uja ataona kuti ndimakhala m'situdiyo masana onse ndikudikira magetsi, anandikokera waya kuchokera pa sola yake.

"Aphunzitsi, mukulemba chiyani tsiku ndi tsiku?" anafunsa tsiku lina atandibweretsera madzi ozizira.

"Ndikusesa m'nyumba ya munthu wina, achimwene."

"Mwiniwake ali kuti?"

"Ali ku Mzuzu."

Anangopukusa mutu n'kubwerera kukauntala.

Ndinatenga nyimbo za makwaya asanu ndi imodzi zimene alamu anasunga mmene zinajambulidwira, zisanakhudzidwe. Ndinaziyendetsa mu pulogalamu yakale n'kusunga zotuluka. Poti mawu ndi manambala, kuyerekeza kunali kophweka: ndinalemba kapulogalamu kochotsera nyimbo yakale pa yatsopano. Ngati ndi zofanana, pamatsala maziro okhaokha, ndipo m'mahedifoni mumangoti zii. Ntchito yanga inakhala imeneyo kwa milungu ingapo. Ndikaweruka ndinkakwera kabaza kupita ku situdiyo, n'kusintha dzina la chinthu2 kukhala dzina lomveka, kuyendetsa, kuvala mahedifoni, kumvetsera chete. Mahedifoniwo zikopa zake zinali zitasupuka, siponji yake yonona ndi mafuta a m'makutu a anthu ambiri. Ndinkayamba ndawakulunga ndi mpango.

Chifukwa choimira pa nyimbo zazitali ndinachipeza msanga. Injiniya ankauza kompyuta kuti inyamule nyimbo yonse nthawi imodzi, kangapo konse, osatula. Ndinaiphunzitsa kunyamula pang'onopang'ono. M'mahedifoni munali zii. Ndinayamba kuikonda ntchitoyo.

Kenako ndinafika pa zigawo zokopedwa zija. Zinkaoneka zofanana, ndiye ndinalemba chigawo chimodzi choti chizigwira ntchito pa kwaya iliyonse, n'kuchotsa zinazo. Ndinayesa kwaya ya ku Lupembe, zii. Ya kubalaki, zii. Yachitatu, zii. Nditafika pa kwaya ya amayi a ku Ngara, ndinavala mahedifoni ndikuyang'ana kale pa yotsatira.

Munamveka mayi akuimba yekha.

Panalibe ng'oma, panalibe kiyibodi, panalibe ovomera. Mawu a mayi mmodzi okha, okhuthala, osanjenjemera, akukwera pamene nyimbo imakwera n'kudikira pamene anzake amayenera kuvomera. Ndinamva ngakhale mpweya wake pokoka. Ndinakhala osasuntha mpaka nyimbo inatha. Kenako mutu unagwira: ngati kusiyana kwa yakale ndi yatsopano ndi mayi ameneyu, ndiye kuti pulogalamu yakale inkamuchotsa.

Ndinabwezeretsa khodi yakale n'kuwerenga chigawo cha ku Ngara mzere ndi mzere. Pakati penipeni, pamene diso lotopa limangodutsa, panali mzere umene m'zigawo zinazo munalibe. Unkanena kuti ngati dzina la foda lili ndi dzina la kwaya imeneyi, mawu a pa maikolofoni ya wotsogolera achulukitsidwe ndi kanambala kakang'ono, kochepera theka la theka. Sanawachotseretu, kuopa kuti zingaoneke. Anangowakwirira pansi pa anzake.

Kumapeto kwa mzerewo kunali ndemanga. M'khodi munthu amatha kulemba mawu amene kompyuta siwerenga, oti amukumbutse iyeyo kapena kuthandiza wobwera pambuyo. Ya injiniya inali m'Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili. Sindilemba yonse. Inkati mayiyu ndi wonyada, amadziona ngati ndani pamene amanunkha usipa, ndiye akaimbire nsomba zakezo. Panali ndi liwu lina limene amuna amatchulira mkazi amene wawakana.

Poyamba ndemanga za m'fayiloyo ndinkangozilumpha, chifukwa zinali kumapeto kwenikweni kwa mizere italiitali, zobisika kuseri kwa sikirini. Tsopano ndinazifufuza zonse. Zinali zambiri. Pa chigawo cha kwaya iliyonse analemba za amayi a m'kwayamo, osati mayina, koma malo amene amaima: wachiwiri kumanzere, wa nsalu yofiira, wa kumapeto. Analemba za matupi awo. Analemba amene anamulola ndi amene akumuvutabe. Kwaya ina wotsogolera wake mawu anakwezedwa pang'ono ndi kutsekemeretsedwa, ndemanga yake n'kunena chifukwa chake. Zonsezi zinkayenda m'kompyuta nthawi iliyonse imene amayi amenewa ankaimba za Mulungu wawo.

Ndinavula mahedifoni. Ndinakumbukira kuti ndi omwewo amene injiniya ankavala. Ndinatuluka kuseri, pa ngalande imene bambo wa golosale amatayira madzi otsukira, ndinawerama n'kulavula kangapo. Panalibe chotuluka koma malovu owawa.

Alamu anafika chakumasana ndi mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, imene mkulu wanga ananditumizira. Ndinawakhazika pa mpando n'kuwatsegulira kuti amve mayi uja yekha, kenako nyimbo yakale, kenako yatsopano. Ndinawawerengera ndemangazo. Anamvetsera akuyang'ana pansi.

"Mayi ameneyu ndikumudziwa," anatero. "Anabwera katatu kudzadandaula kuti sakumveka pa khadi."

"Munawayankha chiyani?"

"Ndinati amaima kutali ndi maikolofoni. Nanga ndikanadziwa bwanji? Ulendo wotsatira kwaya inabwera ndi wotsogolera wina. Nayenso sankamveka bwino, ndiye kwayayo inasiya kubwera kuno."

"Za injiniya ndi amayiwa munkadziwa?"

Anakanda m'mutu. "Ankawaperekeza kokwerera minibasi. Ankati akuwathandiza kuvala mahedifoni. Amuna ndi choncho, alamu. Ine ndinkangoona ntchito yake."

"Ntchito yake ndi imeneyi."

"Fufutani basi. Musauze munthu. Amuna a amayiwa akamva, situdiyo ino aiwotcha. Mkulu wanu adya chiyani?"

Mbalagha ija sindinadye. Alamu ndi munthu wabwino mwa njira zambiri, amene ananyamula bambo athu kumsana kupita nawo kuchipatala. Koma tsikulo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo kulowa m'kolala, ndipo sindinafune kukhala nawo m'chipinda chimodzi.

Kunyumba ndinatsegula kope langa lija. Mitu yonse inkanena chimodzimodzi: usasinthe zimene pulogalamu imachita. Panalibe mutu wonena zoyenera kuchita ukapeza kuti zimene imachitazo ndi zonyansa. Olemba kabukuko ankaganiza kuti khodi imaipa chifukwa cha changu kapena umbuli basi. Ndinachita mmene ndinaonera ndekha. Ndinasunga fayilo yakale pa fulashi yanga, mmene inalili. Kenako ndinachotsa mzere wa ku Ngara, ndinachotsa wokometsera wa kwaya ina ija, ndinafufuta ndemanga zonse n'kulemba zanga zonena zimene chigawo chilichonse chimachita. Pulogalamu yonse inatsala yochepera theka la mmene inalili. Kwaya iliyonse, yakale kapena yatsopano, inkadutsa njira imodzi.

Nyimbo za ku Ngara zimene zinalipo mmene zinajambulidwira ndinaziyendetsanso n'kuzilemba pa khadi latsopano. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi, osawauza alamu. Ku Ngara sikunandivute kumupeza mayiyo. Nditangofunsa za amene ankatsogolera kwaya ya amayi, anandilozera pa thandala loyanikapo usipa. Anali mayi wamtali, wamkulu pang'ono kwa ine, akutembenuza usipa ndi manja onse awiri, ntchentche zikuuluka n'kuteranso. Tinapatsana moni m'Chitumbuka, ndipo nkhani yonse tinakamba m'Chitumbuka. Nditatchula situdiyo ya pa Chilumba nkhope yake inauma.

"Amama, ndabwera ndi nyimbo zanu," ndinatero. "Tamvetserani kaye."

Ndinaika khadi m'foni yanga n'kumupatsa. Anapukuta manja pa chitenje, anaigwira pafupi ndi khutu. Anamvetsera ndime imodzi. Sanalire, sanamwetulire. Anandibwezera foniyo.

"Ndi ine ameneyo," anatero.

"Ndinu. Mawu anu analibe vuto. Munthu anawatsitsa dala m'kompyuta."

"Wa ku Mbeya uja."

"Eya."

Anabwerera ku usipa wake, akulankhula osandiyang'ana. Anati tsiku lina pomuveka mahedifoni, dzanja la injiniya linatsetsereka kufika pamene silinayenera kufika. Iye anamumenya mbama pomwepo, anzake ali panja. Sanauze munthu. Khadi litatuluka, amayi a m'kwaya anayamba kunong'onezana kuti mawu ake atha, ena amati ndi ukalamba, ena amati alipo amene anamuchita chipongwe cha kumudzi. Anapita kwa abusa kukapemphereredwa. Anamwa uchi ndi mandimu miyezi yambiri. Kutchalitchi ankadzimva yekha kuti akuimba bwino, koma khadi linkanena zina, ndipo anthu anakhulupirira khadi. Mapeto ake iyenso analikhulupirira.

"Mukufuna ndikawauze a kwaya?" ndinafunsa.

"Muwauze kuti chiyani? Akafunsa chifukwa chake, nkhani ikafika kwa bambo a kunyumba. Iwo akafunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete. Ayi. Kwaya ndinasiya, ndipo sindibwerera."

Ndinachotsa khadi m'foni n'kumupatsa. Analimanga pa mfundo ya chitenje. Kenako anandiwolera usipa m'jumbo, ndinakana, anaumirira, ndinalandira. Pokwera minibasi ndinadziona ngati munthu amene wabweza mbuzi kwa mwiniwake itafa kale.

Patapita miyezi ingapo, injiniya anabwera ku Chilumba ku maliro a m'bale wake. Ndinamupeza atakhala pa khonde la golosale ndi alamu, akumwa fanta. Ndinali ndisanamuonepo chiyambire. M'maganizo mwanga ndinkaona munthu wa nkhope yoipa, koma anali mwamuna wooneka bwino, wa malaya ositidwa, wonunkhira pefyumu amene ankamveka kuchokera pamsewu. Alamu anadzuka mothamanga.

"Awa ndi alamu anga aja, aphunzitsi."

Injiniya anatambasula dzanja. "Ndamva kuti ndinu amene mwakhala mukuseweretsa khodi yanga, asisi. Ndaiona. Mwayesetsa. Munaphunzira kuti?"

Dzanjalo sindinaligwire. "Ndinawerenga ndemanga zanu zonse," ndinatero.

Anayang'ana alamu, kenako ine, n'kuseka. "Aaa, zimenezo? Kompyuta siwerenga zimenezo."

"Ine ndinawerenga. Mzere wa ku Ngara kompyuta inkawerenga."

"Zakale izo, asisi. Munthu akakhala wachinyamata amachita zambiri." Anamwa fanta wake. "Koma kunena zoona muli ndi mutu. Ndikutsegula kosi ya pa foni ku Mzuzu, yophunzitsa kulemba mapulogalamu a mawu. Atsikana ndi amene ndikufuna kwambiri, amasowa mwayi. Ndipatseni nambala yanu ndikuikeni pa gulu."

Bambo wa golosale anali pakhomo akumva zonse. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa khondelo kuyambira pa mapazi a injiniya penipeni, fumbi likukwera pa nsapato zake zopolishidwa, mpaka injiniyayo anadzuka n'kusunthira pamsewu. Ine ndinalowa m'situdiyo, ndinatenga kope langa ndi mpango wanga, n'kutuluka.

Mawa lake mkulu wanga anandiuza kuti injiniya asananyamuke anapempha alamu kuti amukopere pulogalamu yokonzedwayo, ati akufuna kuiona bwino. Alamu anamukopera. Nditawafunsa, anati sakanatha kumukaniza chifukwa anayamba ndi iyeyo, komanso munthu anali pa maliro. Pambuyo pake mphunzitsi mnzanga wa fulashi uja anandionetsa uthenga umene unkayenda pa mafoni, wotsatsa kosi ya ku Mzuzu. Pa chithunzi chake panali khodi yanga, mayina amene ndinasankha ine, ndemanga zanga za Chichewa zili momwemo, pansi pake atalemba kuti umu ndi mmene katswiri amalembera khodi yaukhondo.

Ndinalembera mayi wina amene ndimadziwana naye ku Mzuzu, wophunzitsa pa koleji, n'kumuuza kuti achenjeze atsikana ake za kosiyo. Ndinamutumizira ndemanga ziwiri za m'fayilo yakale, nditabisa mayina a makwaya. Anandiyankha kuti wamva ndipo awauza. Sindikudziwa kuti ndi angati anamvera.

Ku situdiyo ndinasiya kupita. Pulogalamu ikugwirabe ntchito, ndipo makwaya akubwerabe, kupatula a ku Ngara. Chaka chatha inakananso kutseguka alamu atasintha dzina la foda mwangozi. Iwo sanabwere, anatuma mkulu wanga ndi foni. Ndinamuuza mzere woti asinthe, iye ali chiimire pakhomo panga anawafotokozera alamu pa foni, ndipo atamva kuti yatseguka anandifunsa ngati ndibwere kudzadya nawo Lamulungu. Ndinati ndili ndi mapepala a mayeso oti ndichonge.